Dzina la Achimwene Layera

Santa Maria, California
Mwezi wa Seputembala

Amayi okondedwa,

Landirani moni wochokera kwa ine mwana wanu Macaria. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Chencha anandiuza pa foni kuti chifuwa chija chinakusiyani, koma miyendo ikumatupabe mukayenda mtunda. Ndamvanso kuti mukumakwerabe phiri nokha kukatola nkhuni ngakhale akuletseni. Sindikudabwa. Kuno tonse tili moyo. Changa ndi bondo lakumanzere lokha, limene likumalira m'mawa uliwonse ndikamawerama m'mizere ya sitiroberi.

Chencha mng'ono wanga, iwe ndiwe uwerenge kalatayi ndi kuwamasulira amayi m'chinenero chathu cha Chimixteco. Uwakhazike pansi kaye, ndipo usadumphe mawu, ngakhale pamene pakuwawa. Ndalemba m'malo moimba foni chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ndipo amayi akangomva mutu wake ayamba kukalipa ine ndisanafike pakati.

Amayi, mwakhala mukudandaula kuti achimwene a Fidencio anasintha chibwerereni ku maliro a bambo. Analonjeza kuti adzabwera pa mwambo wokumbukira chaka, koma sanabwere. Akaimba foni amangofunsa za mvula ndi mbuzi, kenako n'kudula. Munafika poganiza kuti alamu anga a Eulalia ndi amene akuwatsekereza. Alamu alibe chifukwa. Achimwene anali m'mavuto aakulu, ndipo anatiletsa tonse kukuuzani. Mavutowo atha, ndipo atha bwino. Iwo eni ndi amene andituma kulemba. Akuti pa ana anu onse pakamwa munapatsa ine ndekha.

Ndiyambire kutali. Mukukumbuka chaka chija, ine ndidakali mtsikana pakhomo panu, pamene achimwene anakhala miyezi yambiri osatumiza mawu? Pambuyo pake anati anali kumpoto kothyola maapozi. Sanali ku maapozi. Anali m'ndende.

Zinali chonchi. Nthawi imeneyo ankadula mphesa ku chigwa cha kumtunda, ndipo anali ndi kagalimoto kakale kamene ankanyamulira anzawo popita kumunda. Mmodzi wa anzawowo anali Nicanor, mwana wa mayi Eleuteria, anansi anu a kuseri kwa mpanda. Anali atangofika kumene, ndevu zisanamere bwino, bambo ake atangomwalira. Mayi Eleuteria anamupereka m'manja mwa achimwene kuti amuyang'anire.

Tsiku lina madzulo akuweruka, apolisi anawaimitsa chifukwa nyali imodzi yakumbuyo inali yakufa. Pofufuza m'galimotomo anapeza kaphukusi ka ufa woyera uja wosokoneza bongo, pansi pa mpando wakumbuyo. Achimwene anali ataona Nicanor akukankhira kanthu pamenepo m'mawa, koma ankayesa ndi kamba wake. Wapolisi atakakweza m'mwamba n'kufunsa mwini wake, achimwene anatembenuka kuyang'ana mnyamatayo. Akuti Nicanor anali atatuwa milomo. Achimwene sanamutchule. Galimoto inali yawo, choncho unyolo unagwera iwo.

Boma linawapatsa loya amene anali ndi milandu yodzaza m'manja. Anayankhula nawo kanthawi kochepa kudzera mwa womasulira wa Chisipanishi. Inu mukudziwa Chisipanishi cha achimwene cha masiku amenewo, chinali chogulira mchere basi. Chimene anatolapo n'chakuti akavomera mlandu akhala miyezi yochepa n'kutuluka, koma akakana akhala zaka zambiri. Alamu anali ndi pakati pa mwana wawo wamkazi Itandehui. Achimwene anavomera. Jaji anawafunsa mafunso ambirimbiri, iwo n'kumangoti inde, inde, mpaka anasaina. Palibe anawauza m'mawu amene akanamva kuti kuvomerako kudzawalanda chiphaso chawo chokhalira m'dziko muno.

Anatuluka mwana atayamba kale kukwawa. Kuchokera pamenepo, zaka zoposa makumi awiri, sanalakwirepo munthu. Anakwera mpaka kukhala woyang'anira zothirira pa munda wonse umene ndimagwirako. Iwo ankati nkhaniyo inakwiriridwa. Ngakhale ine ndinakhala kuno zaka zambiri osaidziwa.

Nkhaniyo inadzuka pamene ankabwerera kuno kuchokera ku maliro a bambo. Kale ankadutsa pa malire osafunsidwa kanthu, koma masiku ano makompyuta awo saiwala. Pa bwalo la ndege a imigireshoni anawalowetsa m'kachipinda, n'kuwalanda chiphaso. Anawauza kuti mlandu wakalewo ndi wa mtundu umene munthu amathamangitsidwa nawo, osadzaloledwanso kubwerera. Anawasunga masabata angapo. Powatulutsa kuti azidikira tsiku la mlandu wowathamangitsa, anawamanga chibangili chakuda pa kakolo, choti aziwaona nacho kulikonse ali.

Amayi, chibangilicho chinawadya achimwene kuposa ndende. Ankavala nsapato zazitali za mphira ngakhale dzuwa liswe mtengo, kuti anthu asachione. Koma kumunda sikubisika kanthu. Anyamata a matalakitala anayamba kuwafunsa kuti, "Akulu, nthawi ili bwanji ku mwendoko?" Chinkafunanso moto ngati foni, ndiye akaweruka ankakhala pa mpando pafupi ndi khoma, mwendo uli pa chingwe. Alamu ankayesa kuwaseketsa, amvekere aka n'koyamba chikwatiwireni kudziwa pamene mwamuna wawo ali. Achimwene ankangomwetulira pang'ono, maso ali pansi.

Itandehui anaimva nkhani yonse nthawi imeneyo. Mdzukulu wanu uja munamuona komaliza ali ndi mano ogweluka, lero ndi mayi wathunthu, amagwira ntchito ku chipatala cha mano. Ali ndi mtima wanu weniweni. Analira tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake anayamba kugogoda zitseko za maloya, mpaka anapeza mayi wina wamfupi, waimvi, dzina lake mayi Tanabe.

Mayi Tanabe anatifotokozera kuti kuno kuli lamulo latsopano. Ngakhale munthu anamaliza chilango chake kalekale, atha kubwerera ku khoti limene linamuweruza n'kupempha kuti chigamulocho chifafanizidwe. Makomo ake ndi awiri. Loyamba ndi kusonyeza kuti povomera mlandu sanamve kuti adzathamangitsidwa m'dziko. Lachiwiri ndi kubweretsa umboni watsopano wakuti sanalakwe. Chigamulo chikafafanizidwa, a imigireshoni amatsala opanda chogwira.

Kenako anawayang'ana achimwene n'kufunsa kuti kaphukusi kaja kanali ka ndani. Achimwene anayamba kutembenuza chipewa chawo m'manja. Anati khomo loyambalo likwanira. Mayi Tanabe anawauza mosabisa kuti mwina silikwanira, pakuti loya wakale uja anamwalira, ndipo mapepala a khoti akunena kuti anafunsidwa zonse n'kuvomera. Achimwene anati basi, alowera pomwepo.

Dzina linatuluka m'kamwa mwa alamu. Tinali kukhitchini kwanga, tikupsitsa matortilla, mikate yathu yopyapyala ya chimanga ija, Itandehui ali pomwepo. Alamu anangoika mtanda pansi n'kunena kuti atopa, dzinali lawawotcha m'kamwa kuyambira ali ndi pakati. Anatchula Nicanor. Ndinakhala pansi, Amayi. Munthu amene ndinkatunga naye madzi pa kasupe mmodzi. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake sabwera ku zikondwerero za anthu a kwathu, ndiponso chifukwa chake akationa pa msika amalowa mzere wina.

Lamlungu lotsatira ine ndi Itandehui tinapita kwa iye osawauza achimwene. Amakhala m'tauni ina kumwera kwathu, amakhoma madenga. Ali ndi mkazi ndi ana atatu, koma mpaka lero alibe chiphaso. Tinamupeza panja akutsuka galimoto. Atationa anazimitsa madzi, ndipo sanafunse chimene tabwerera.

Ine ndinayamba mwaulemu, kufunsa za ana ndi za mayi ake. Itandehui sanadikire.

"A Nicanor, mukundidziwa ine?"

"Ndiwe mwana wa achimwene a Fidencio."

"Ndine uja ndinabadwa bambo anga ali m'ndende chifukwa cha katundu wanu. Ndabwera mudzandione, mwina munkafuna kudziwa kuti ndinakula bwanji."

Nicanor anati zinthuzo n'zakale, iye anali mwana, anangotumidwa ndi munthu wina amene anamulonjeza ntchito yabwino. Anati akaponda m'khoti a imigireshoni akamugwirira pakhomo, nanga ana ake adya chiyani. Itandehui anati nayenso ali ndi bambo mmodzi yekha. Nicanor anatsegulanso madzi n'kutifulatira.

"Ndingofunsako chimodzi," anatero Itandehui. "Tulo mumagona?"

Mkazi wake anali pa zenera, anamva zonse.

Achimwene atamva kuti tinapitako, anakalipa. Chibadwire sindinawamvepo akukweza mawu, koma tsiku limenelo mbale zinanjenjemera. Anati ndani anatituma. Anafunsa ngati tikufuna ana a Nicanor alire kuti awo aseke. Itandehui anawayankha kuti iwo akhala akulerera mwana wa eni pamsana mpaka wamera imvi, tsopano amutsitse. Bambo ndi mwana anakhala masabata awiri akungodutsana m'nyumba. Ine ndinali pakati ngati chitseko, aliyense kundimenyetsa.

Tsiku la mlandu tinanyamuka m'mamawa, pakuti khotilo lili kutali, ku chigwa cha mphesa kuja. Ndinkayesa tikhala anayi okha. Titafika tinapeza anthu a kwathu atadzaza pakhonde. Ena anataya tsiku la ntchito pakati pa nyengo yokolola. Ngakhale anyamata a matalakitala aja analipo, atavala malaya ositidwa, ali duu ngati ali m'tchalitchi. Achimwene atawaona anaima kanthawi, kenako anavula chipewa.

Mayi Tanabe anali atalimbikira kuti pakhale womasulira wa chinenero chathu, osati wa Chisipanishi. Anapezeka mayi wina wochokera ku midzi ya kutsidya kwa mtsinje. Chimixteco chake ndi chija chokoka mawu, chimene bambo ankakonda kuchiyerekeza akaledzera, koma tinkamvana. Amayi, sindinaganizepo kuti ndidzamva chinenero chimene munkatikalipira nacho chikuyankhulidwa m'nyumba ngati imeneyo, munthu wina n'kumalemba liwu lililonse.

Jaji anali mayi wa magalasi, wosaseka. Achimwene analumbira n'kukhala pa mpando wa mboni. Mayi Tanabe anawafunsa za moyo wawo, iwo n'kumayankha mwachidule monga mwa masiku onse. Kenako anaimirira loya wa boma wotsutsa pempho la achimwene, mnyamata wamtali wa tayi yofiira, atanyamula pepala lakale lija.

Anafunsa ngati dzina lili pansipo analemba ndi iwo. Achimwene anavomera. Anafunsa ngati jaji wa nthawi imeneyo sanawafunse kuti amva zonse, ndipo ngati iwo sanayankhe kuti inde. Anavomeranso. Ndiye anati, nanga lero akufuna khoti likhulupirire kuti munthu amene amalamula antchito m'Chisipanishi tsiku ndi tsiku sanamve kanthu?

Achimwene anayankha, ndipo ndilemba mmene ananenera.

"Lero ndimamva, bwana. Ndinaphunzira ndi zaka. Nthawi imeneyo Chisipanishi changa chinali cha kumunda. Ndinkadziwa dula, nyamula, fulumira, mawa usabwere. Mawu a pa pepala lanulo sanali m'munda. Kwathu anatilera kuti munthu wamkulu akakhala pa mpando wapamwamba n'kukufunsa kanthu, umati inde. Akanandifunsa ngati ndine mkazi, ndikanati inde."

Anthu kumbuyo anaseka, jaji anakweza maso, onse zii. Ndiye jajiyo anafunsa yekha. Anati, akanauzidwa bwinobwino kuti kuvomera kudzawathamangitsa m'dziko muno, akanatani?

"Ndikanakana, mayi. Ndinavomera kuti ndikaone mwana wanga msanga. Mukanandiuza kuti pepala lomwelo lidzandichotsa kwa iye tsiku lina, ndikanati nditsekereni zaka zimene mukufuna, koma sindisaina. Ndende ili ndi tsiku lotuluka. Ichi mukufuna kundichitachi chilibe."

Sananjenjeme, Amayi. Mwana wanu uja amene amalephera kubweza nsapato yothina ku sitolo anayang'ana jaji m'maso. Ndinamva Itandehui akundifinya dzanja mpaka zala kuwawa.

Loya wa boma sanagonje. Anati ngati katunduyo sanali wawo, anali wa ndani? Achimwene anati sanali wawo, mwini wake akumudziwa, koma samutchula. Jaji anawachenjeza kuti kukana kuyankha kukhoza kuwaonongera mlandu wonse. Iwo anati amva, ndipo ulendo uno amvadi, koma yankho lawo ndi lomwelo. Mayi Tanabe anatseka maso. Ine ndinkafuna kuwagenda ndi nsapato, komanso ndinkafuna dziko lonse liwaone. Jaji analamula kuti tipume kaye.

Titatuluka pakhonde tinamupeza Nicanor. Anali atakhala pa benchi kumapeto, atavala malaya oyera omanga mpaka pakhosi, mkazi wake ali pambali pake. Anthu a kwathu, amene sankadziwa kanthu, anayamba kumupatsa moni. Achimwene anapita molunjika.

"Wadzatani kuno? Nyamuka, pita kwanu."

"Ndabwera, achimwene."

"Ndati pita. Ukudziwa amene amaima panja pa nyumba ino?"

"Ndikudziwa. Ndinawauza ana anga zonse dzulo. Wamkuluyo sakundiyankhula." Anapukuta nkhope ndi dzanja. "Mwana wanu anandifunsa ngati ndimagona. Sindigona, achimwene. Ndakalamba, musandibisenso kumbuyo kwanu."

Achimwene anatembenukira mkazi wa Nicanor ngati akupempha thandizo. Mayiyo anati galimoto wayendetsa ndi iye, ndipo makiyi ali m'chikwama mwake, saatulutsa mpaka mwamuna wake atayankhula.

Jaji atauzidwa kuti Nicanor akufuna kupereka umboni, sanathamange. Anaitanitsa loya wina woti akhale ndi Nicanor payekha, amufotokozere m'chinenero chake zonse zimene zingamugwere akayankhula. Anati safuna kuti m'khoti mwake munthu wachiwiri avomere chinthu chimene sanachimve. Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinkati akamva zonsezo athawa. Sanathawe.

Analumbira, n'kunena dzina lake lonse ndi la mudzi wathu. Anafotokoza amene anamupatsa kaphukusiko, kumene ankakapereka, ndi mmene anakakankhira pansi pa mpando achimwene akuthira mafuta. Loya wa boma anamupanikiza, kumufunsa kuti amulipira zingati kuti adzanene zimenezi. Nicanor anati munthu wopanda chiphaso salowa m'khoti chifukwa cha malipiro. Anafunsidwanso chifukwa chake anakhala chete zaka zonsezi. Anati, "Mantha, bwana. Palibe chifukwa china chokongola chimene ndingakupatseni."

Jaji anagamula tsiku lomwelo. Anati wakhutira pa makomo onse awiri, kuti achimwene sanamve chimene ankavomera, ndiponso kuti katunduyo sanali wawo. Anati chigamulo chakale chafafanizidwa. Womasulira uja atafika pa mawu amenewa anawanena kawiri. Loya wa boma anaimirira n'kunena kuti boma siliyambitsanso mlanduwo. Potuluka anawagwira dzanja achimwene, ndipo sindinayembekezere zimenezo kwa iye.

Achimwene sanalire, sanasekenso. Anangofunsa mayi Tanabe ngati tsopano pa mapepala a boma alembedwa kuti sanalakwe. Atauzidwa kuti mlanduwo kulibenso, anagwedeza mutu n'kuvala chipewa. Itandehui ndi amene anawakumbatira pakati pa anthu, akulira ngati kamwana, uku akuwanena kuti ndi munthu wouma mutu kuposa bulu. Iwo anati anatengera kwa mwana wawo.

Za a imigireshoni zinatenganso miyezi iwiri, koma sabata yatha anatseka mlandu wawo n'kubweza chiphaso. Chibangili chija anachidula. Pa kakolo patsala mzere wotuwa, ndipo achimwene akumayenda pakhomo atavala nkhwaira, thalauza atapinda, ngati mnyamata wogula nsapato zatsopano. Loweruka alamu anawotcha mbuzi m'dzenje monga mumachitira kwathu, anthu anadzaza mpaka mumsewu. Mwini phwando anadya mbale imodzi, kenako anasowa. Tinamva kuti apita kumunda kukaona ngati mipope yatsekedwa.

Amayi, ine ndakhala ndikuwaona achimwene ngati munthu wofatsa mopitirira, woti aliyense atha kumuponda. Ndinkawaseka nazo. Lero ndikamayenda m'mizere, akazi anzanga akumandiloza kuti uyo ndi mlongo wake wa a Fidencio, ndipo ndikumawongoka msana ngakhale bondo likuwawa. Anthu awiri a ku midzi ina abwera kale kudzafunsa njira ya kwa mayi Tanabe, pakuti nawonso anasaina zinthu zimene sanamve. Achimwene akumawaperekeza okha, n'kumawauza kuti asavomere womasulira wa chinenero cha eni. Munabala munthu, Amayi. Ndikanakonda bambo akanakhalapo.

Za Nicanor sizinathe bwino chotero. Tsiku lija anatuluka m'khoti popanda womugwira, ndipo akuti mlandu wa ufawo ndi wakale kwambiri moti sangamuzenge. Koma dzina lake lalembedwa tsopano, ndipo sakudziwa tsiku limene adzagogoderedwe. Wasamuka ndi banja lake kupita kumpoto. Achimwene ndi amene anamuthandiza kukweza katundu.

Nkhani zina n'zazing'ono. Sitiroberi za chaka chino zachepa chifukwa cha nkhungu, ndipo mwini nyumba yathu akufuna kuigulitsa, ndiye mwina tisamuka Khirisimasi isanafike. Shuga wa alamu watsika chithereni mlandu. Amuna anga a Leobardo asiya fodya kachitatu. Itandehui wayamba kuphunzira chinenero chathu, akuti sakufunanso kumva bambo ake kudzera mwa munthu wina. Akukonzekera kukupatsani moni pa foni. Akapotoza mawu musaseke kwambiri, pakuti dzana pofuna kunena kuti wakhuta anatiuza kuti wabereka.

Achimwene abwera kumeneko pa chikondwerero cha akufa mu Novembala, kuti akayatse kandulo pa manda a bambo. Tikiti agula kale. Akuti musaphe nkhuku zonse.

Tsopano pempho, ndipo ndi limodzi lokha. Ndi la achimwene, ine ndangolinyamula. Anthu a kwathu amene anali m'khoti muja ali ndi mafoni, ndipo nkhaniyi ifika kumudzi posachedwa, ngati siinafike kale. Mayi Eleuteria sankadziwa kanthu, mwana wawo sanawauzepo. Anthu akamva, awalozerana zala pa chigayo ndi pa msika, ndipo ndi munthu wokalamba wokhala yekha. Achimwene akupempha kuti musakawakalipire pa mpanda, ndipo musalole amalume a Anacleto kupitako ndi ukali wawo. Akuti Lamlungu likubwerali mukawatenge kunyumba kwawo, mupite nawo ku Misa, mukakhale nawo benchi limodzi kutsogolo kumene aliyense akuoneni. Akuti mudzi ukaona inu mwakhala nawo, palibe adzatsegule pakamwa.

Ndikudziwa kuti pamene Chencha wafika apa mwaimirira kale. Inenso nditamva pempholi ndinawauza achimwene kuti akupempha zambiri. Mtima wanga pa Nicanor sunapolebe, ndipo sindinama kuti wapola. Koma ndinamuona akulowa m'khoti muja akudziwa zimene zingamugwere, ndipo analowabe. Kalipani, Amayi, muli ndi chifukwa. Chencha atseke chitseko ndi mazenera, mukalipe mpaka mawu athe. Mukatha, musambe kumaso, mufunde shawelo yanu yakuda ija, mukagogode kwa anansi anu.

Mundiperekere moni kwa amalume a Anacleto ndi akazi awo, kwa azakhali a Isidora, ndi kwa alamu anga amuna ake a Chencha pamodzi ndi ana onse. Amayi anga a ubatizo muwauze kuti mankhwala opaka aja ndinalandira, bondo likumvako pang'ono. Alamu a Eulalia akupereka moni, ndipo akuti sanakusungireni kanthu kukhosi. A Leobardo ndi Itandehui akuti mukhale ndi mphamvu mpaka adzakuoneni. Achimwene ali pompano pamene ndikumaliza. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndiwonjezere, akuti ndikufunseni ngati mvula yagwa.

Tsalani bwino, Amayi. Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Macaria